Griffith ndi wolakwa kapena zinalembedwa kale?

Achimwene ena andilembera imelo, akuti angomaliza gawo la Golden Age mu Berserk, manga (nthano ya zithunzi ya ku Japan), ndipo mutu sukugwira. Funso lawo ndi lakuti, ngati ziwanda zazikulu za m'nkhaniyi zotchedwa God Hand zikunena kuti zonse zinakonzedwa kalekale, nanga Griffith, amene anapereka anzake nsembe kwa ziwandazo, tikumudera chani? Akufunsanso ngati m'nkhaniyi muli phunziro kapena ndi magazi okhaokha basi. Amene simunawerenge dziwani kuti pano ndiulula zambiri, komanso si manga ya ana iyi, muli kugwirira ndi nkhanza zoti umayamba watseka kaye buku.

Achimwene, tiyambe ndi kumumvera chisoni Griffith chifukwa mlembi wake Kentaro Miura anachita dala kuti timumvere chisoni. Mnyamata wosauka amene ankangoyang'ana nyumba ya mfumu chapatali, wasonkhanitsa gulu lake la Band of the Hawk, wapambanitsa dziko la Midland pa nkhondo ya zaka 100, walanda linga la Doldrey, ufumu wangotsala pang'ono kuugwira, kenako Guts, msilikali wake wodalirika amenenso ndi mwini nkhaniyi, akuti ine ndikupita ndikafune moyo wanga. Griffith mutu unabalalika, usiku womwewo nkukalowa kuchipinda kwa Charlotte mwana wa mfumu, ndiye mwaona zomwe anamuchita kundende chaka chathunthu, kumudula mitsempha ya manja ndi miyendo, lilime kuchotsa. Pomwe anzake akumupulumutsa anali chinthu chongonyamulidwa, ngakhale kudzipha komwe kunamukanika. Nthawi yomweyo ndi pomwe behelit yofiira ija, kachithumwa koitanira a God Hand, ikumupezanso. Ndiye zoona, zinthu zinayalidwa bwinobwino kuti afike pamenepo ali wosweka, Eclipse, mwambo wa nsembe uja, imabwera kamodzi pa zaka 216 ndipo inamupeza pa tsiku lake loipitsitsa.

Koma bwererani ku mabuku oyambirira aja, ambiri amawadumpha pothamangira Golden Age. Muli Count, chilombo chija chonga nkhono, amene anapereka kale mkazi wake nsembe. Guts atamuvulaza mpaka kutsala pang'ono kufa, God Hand yomweyo inabwera nkumuuza kuti apereke mwana wake Theresia apulumuke. Anakana. Chilombo chodya anthu chinalephera kupereka mwana wake ndipo chinakokedwa kupita ku gehena chikudziwa. Apa ndi pomwe pali yankho lanu. A Void ndi anzawo a God Hand amatha kukufikitsa pakhomo, kukuonetsa zithunzi, kukunyengerera, koma mawu ovomereza aja amayenera kutuluka mwa iwe. Zili ngati nkhani zija timamva za kukhwima, zoti sing'anga salandira munthu wapanjira, amafuna amene ukamutaya mtima ukuwawa, ndipo amene amatchula dzina ndi iwe mwini. Griffith anawakonda asilikali ake aja, Judeau, Pippin, Corkus, onse, nchifukwa chake anali nsembe yovomerezeka. Kwa ine zimenezi zimakulitsa mlandu wake, sizichepetsa.

Ndipo amene amati sanalakwe ndimawafunsa chimodzi chokha: atasanduka kale Femto, mmodzi wa a God Hand, ndani anamutuma kugwirira Casca, wokondedwa wa Guts, pamaso pa Guts yemweyo? Nsembe inali itatheka kale. Chimene chija chinali nkhanza yake yekha, kulanga munthu amene anayerekeza kumusiya.

Pali chaputala 83 chomwe chinatuluka m'magazini ya Young Animal koma sichinalowe m'mabuku, Miura anachichotsa. Mmenemo Griffith akumana ndi chomwe chimatchedwa Idea of Evil, mulungu amene anabadwa chifukwa anthu ankafuna chifukwa cha mavuto awo, ankafuna wina woti aziti ndi amene anakonza. Taganizani, zoikika zija si zochokera kumwamba, anthu anazipanga okha chifukwa kuvutika popanda tanthauzo kumawawa kuposa kuvutika kokonzedwa. Ena amati poti chinachotsedwa tisamachiwerengere, chabwino, koma ngakhale mmenemo Griffith akuuzidwa kuti achite monga afunira.

Za phunziro, ine sindiliona kwambiri pa Griffith, ndimaliona pa Guts, ndipo si lokoma. Munthu anabadwa pansi pa mtembo wa mayi ake wopachikidwa pamtengo, Gambino amene anamulera anamugulitsa usiku umodzi ali kamwana, pa Eclipse wataya dzanja lamanzere ndi diso lamanja, ali ndi chifukwa chilichonse chokwiyira. Tonse timasangalala akanyamula chilupanga chija nkumadula ma apostle, anthu osanduka zilombo ngati Count uja. Koma anamusiya Casca kuphanga kwa Godo zaka ziwiri, mkazi amene nzeru zinamuchokera, iye nkumati akukabwezera. Godo wosula zitsulo uja, ali pafupi kufa, anamuuza mosapsatira kuti kumeneko kunali kuthawa, chidani ndi kophweka kusiyana ndi kukhala pansi nkuyang'ana chisoni chako ndi munthu amene watsala. Ndipo Miura sanamukomere mtima Guts ngakhale atabwerera, pali pomwe chigalu chamdima chomwe chili mkati mwake chinamufikitsa pomuvulaza Casca yemweyo, mpaka iye yekha anaona kuti payekha sangamuteteze, nkulola Farnese, Serpico ndi Isidro kuti aziyenda nawo, kenako Schierke. Munthu amene sankafuna nkomwe kukhudzidwa akuvomera kuti akufuna anthu, pamenepo ndi pomwe ine ndinaona kuti nkhaniyi yakula, osati pa kukula kwa zilombo.

Chigamulo chomaliza cha Griffith sichinafike. Miura anayamba Berserk mu 1989, anamwalira mu May 2021 ali ndi zaka 54 mtsempha waukulu wochokera kumtima utang'ambika, ndipo kuyambira 2022 mnzake wa kalekale Kouji Mori ndi Studio Gaga, gulu lomwe linkamuthandiza Miura kujambula, ndi omwe akupitiriza potengera zomwe anamuuza. Ngati munaonera katuni ya 1997 ija ya zigawo 25, imathera pa Eclipse pomwepo, Puck, kamzimu kouluka koyenda ndi Guts, mulibe, za Theresia mulibe, nchifukwa chake ambiri amatsala ndi funso ngati lanuli. Bwererani ku mabuku atatu oyamba kaye achimwene, kenako mupitirize mpaka gawo la Conviction, mukakumane ndi Mozgus, wansembe amene amazunza anthu ali ndi chikhulupiriro chonse kuti akutumikira Mulungu.