Kodi Digiri Yachiwiri ya Unamwino Ingandipatse Chiyani?

FUNSO: Akonzi, ndine namwino wa digiri yoyamba, ndipo ndagwira ntchito zaka zitatu m'wodi ya odwala ochitidwa opaleshoni. Kodi digiri yachiwiri ya unamwino wosamalira akuluakulu ogonekedwa m'chipatala ndi ochitidwa opaleshoni ingandiwonjezere chiyani, popeza ntchitoyi ndinaizolowera kale?

YANKHO: Anamwino athu, zaka zitatuzo n'zofunika, pakuti mayunivesite ambiri amafuna munthu wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira anamwino, amenenso wagwirako ntchito. Maphunzirowa nthawi zambiri amatenga zaka ziwiri.

Chimene chimasintha kwenikweni ndi kaganizidwe. Tiyerekeze kuti wodwala anachitidwa opaleshoni ya m'mimba m'mawa, ndipo pofika usiku mtima ukugunda mofulumira, khungu lazizira, mkodzo wotsikira m'thumba kudzera m'kapaipi sukufikanso mamililita 30 pa ola, koma BP sinatsike kwenikweni. Namwino wozama m'maphunziro amadziwa kuti thupi limayamba lathinitsa mitsempha ya magazi pofuna kuteteza ubongo ndi mtima, choncho amakayikira msanga kuti magazi akutayikira mkati, n'kuitana dokotala BP isanagwe. Mudzaphunzira mwakuya mmene matenda monga shuga ndi a impso amawonongera thupi, mmene mankhwala amagwirira ntchito, ndiponso kupima wodwala mwatsatanetsatane.

Gawo limene limatopetsa ambiri ndi kafukufuku, makamaka amene akuphunzira uku akugwira ntchito yausiku. Sankhani mutu wochokera m'wodi yanu momwemo, mwachitsanzo zilonda za opaleshoni zimene zimachita mafinya, ndipo mukaupereke msanga ku komiti yololeza kafukufuku, chifukwa chilolezo chimatha kuchedwa.