Charles Young, mkulu wakuda wa asilikali a pahatchi ku America

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo yofunsa kuti: kodi m'magulu a asilikali a pahatchi a ku America kalelo munali munthu wakuda amene anafika polamulira, kapena akuda ankangolandira malamulo basi?

Analipo, achimwene, dzina lake Charles Young. Anabadwa mu 1864 ku Mays Lick m'chigawo cha Kentucky, makolo ake ali akapolo. Mu 1889 anamaliza maphunziro pasukulu ya usilikali ya West Point, wakuda wachitatu kutero, pambuyo pa Henry Flipper ndi John Alexander. Anatumikira m'magulu a 9th ndi 10th Cavalry, omwe ankadziwika kuti Buffalo Soldiers. M'magulu amenewa asilikali wamba anali akuda, koma akuluakulu pafupifupi onse anali azungu.

Ntchito anaigwira m'malo ambiri. Mu 1903 anayang'anira nkhalango yotetezedwa ya Sequoia ku California, kumene asilikali ake anatambasula msewu wopita kumitengo ikuluikulu ya m'nkhalangomo. Anaimira asilikali a America ku Haiti ndi ku Liberia. Mu 1916 anali ku Mexico pansi pa mkulu wa asilikali John Pershing, posakasaka Pancho Villa, mtsogoleri wa gulu loukira la ku Mexico komweko.

Chimene chimandiwawa ndi cha mu 1917. America italowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Young anali pafupi kukwezedwa kufika poti azungu ambiri akanakhala pansi pake. Mkulu wina wachizungu anadandaula kuti sangalamulidwe ndi munthu wakuda, ndipo dandaulolo linafika mpaka kwa Pulezidenti Woodrow Wilson. Posakhalitsa madokotala anati magazi a Young akuthamanga kwambiri, boma nkumupumitsa ali kolonelo. Ine ndimaona kuti matendawo anangopezerapo chifukwa.

Young sanavomereze. Mu June 1918, ali ndi zaka 54, anamanga chishalo pahatchi yake ku Wilberforce, Ohio, nayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 800 mpaka ku Washington, pena atakwera pena akuyenda pansi, kuti akuluakulu adzionere okha ngati ameneyu ndi wodwala. Anamubwezera pantchito mu November chaka chomwecho, nkhondo itatsala masiku ochepa kutha, moti ku France, kumene asilikali a America ankamenya nkhondoyo, sanapondeko.

Anamutumizanso ku Liberia, ndipo anamwalira ali paulendo wa ntchito ku Lagos, Nigeria, pa 8 January 1922. Mu 1923 mtembo wake anakauika kumanda a asilikali a Arlington. Udindo wa Brigadier General, womwe ndi woposa wa kolonelo, anampatsa mu 2021 atamwalira kale.