Pa CV mulembe "managed", "supervised" kapena "distributed"?

Mtsikana wina wa ku Phalombe watilembera. Akuti namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, iye anagwira ganyu ku bungwe lina lothandiza anthu. Ntchito yake inali kuitana mayina a pamndandanda, kupereka ufa ndi nyemba, ndi kusayinitsa olandira. Pa CV analemba kuti "managed food distribution". Ku intavyu atamufunsa kuti pansi pake panali anthu angati komanso bajeti inali ya ndalama zingati, anangoti kakasi. Akufunsa kuti: "Kodi ndinanama? Nanga ndikanalemba chiyani?"

Achemwali, simunaname mwadala, koma mneni amene munasankhayo anakuvekani jekete la abwana anu. Ife timati kuyang'anira pa zinthu zambiri, kaya ndi ana, mayeso, sitolo kapena ndalama, ndipo womvera amadziwa yekha kukula kwa udindowo. Chingerezi cha m'maofesi chili ndi mawu angapo pamenepa, ndipo olemba ntchito akamawerenga CV, liwu lililonse limawauza mphamvu zimene munali nazo ndi mlandu umene mukanausenza zinthu zikanasokonekera.

"Manage" ndi wa munthu amene amakonza dongosolo, kugawa ntchito, kugamula za ndalama ndi za anthu, ndipo zikavuta amaitanidwa ndi iyeyo. N'chifukwa chake anakufunsani za bajeti. "Supervise" ndi kuyang'anira anthu pafupi, tsiku ndi tsiku, n'kumawakonza akalakwitsa, monga amachitira kapitawo pa zomangamanga kapena PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) akamayendera aphunzitsi a m'zoni yake. "Oversee" ndi kuyang'anira uli chapatali: sugwira ntchitoyo, koma oigwira amabwera kudzafotokoza kwa iwe. Umu ndi mmene komiti ya Nyumba ya Malamulo ya Public Accounts imachitira ndi ndalama za boma. "Monitor" ndi kulondoloza n'kulemba lipoti, popanda mphamvu yolamula. "Coordinate" ndi kulumikizitsa magulu amene sali pansi pako, monga mafumu, madalaivala ndi a kukhonsolo, kuti akumane pamalo amodzi nthawi imodzi.

Apa pali msampha umene ndimauona kawirikawiri m'makalata ofunsira ntchito. Munthu amalemba kuti "I overlooked the project" poganiza kuti akunena kuti anayang'anira ntchito. "Overlook" ndi kuphonya chinthu, kusachiona. Ndiye kuti wadzinenera yekha kuti ntchitoyo anainyalanyaza. Mneni woyenera ndi "oversaw". Ana a Fomu 4 asamalenso ndi "managed to": akati "she managed to pass", akunena kuti anakwanitsa kukhoza movutikira, palibe za ubwana pamenepo.

Liwu lovuta kwambiri ndi "administer", chifukwa lili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuyendetsa chinthu motsata malamulo amene anaikidwa kale. MANEB ndiyo imachita "administer" mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE. Pamalo olembera pamakhala "supervisor", ndipo m'chipinda mumakhala "invigilator", woyang'anira olemba mayeso. Munthu akamwalira osasiya wilu, khoti limapereka "letters of administration" kwa amene ayendetse chuma cha masiye, ndipo ofesi ya Administrator General dzina lake linachokera pomwepo. Woyendetsayo si mwini chuma, ndipo sagawa mmene mtima wake ukufunira. Ntchito yachiwiri ndi kupereka chinthu kwa munthu mwalamulo kapena mwaukatswiri: namwino akabaya jakisoni wachita "administer" mankhwala, ndipo Chief Justice akamalumbiritsa mtsogoleri wa dziko akuti "administering the oath". Ufa ndi nyemba sizilowa m'gulu limeneli, choncho liwuli si lanu, achemwali.

Pa mawu a kupereka, chipatala chimaphunzitsa bwino kuposa dikishonale. Central Medical Stores Trust imagula mankhwala n'kuwatumiza m'zipatala: uko ndi "distribute", kugawa kwa ambiri kapena m'malo ambiri. Dokotala kapena kiliniko ofesa amalemba mankhwala oti wodwala alandire: "prescribe". Wa ku famase amawerenga mapilitsi, kulemba kamwedwe pakathumba n'kupereka pawindo: "dispense". Namwino wa muwodi amamwetsa kapena kubaya: "administer". Botolo ndi limodzi lomwelo, koma anthu ndi anayi, mawu ndi anayi, ndipo atatu omalizawo ndi ntchito zofuna maphunziro ndi chilolezo. Ngati munangothandizapo kulongedza makatoni pachipatala cha kwanu, musalembe "dispensed". Amene akukufunsani angathe kukhala wa za mankhwala, ndipo funso lotsatira lidzakhala la satifiketi yanu.

"Issue" ndi kupereka chinthu chimene chimalembedwa m'kaundula ndipo woperekayo ali ndi chilolezo: National Registration Bureau ndi ziphaso za unzika, a Immigration ndi mapasipoti, kalaliki wa kusitolo ndi katundu amene watuluka pa vocha. Liwu limeneli ndi labwino kwa amene akufuna ntchito za kusitolo ndi zogulagula, chifukwa limasonyeza kuti mumadziwa kusunga mapepala.

Makolo, mawu awiri awa akukhudzani mwachindunji: "allocate" ndi "disburse". Loyamba ndi kupatula papepala kuti gawo ili ndi la uje; lachiwiri ndi kutulutsa ndalamazo kuti zifike. Bajeti ya dziko ikawerengedwa n'kumva kuti unduna wakutiwakuti wapatsidwa ndalama zakuti, kumeneko ndi "allocation", ndipo kuti a Treasury azitulutse ndi nkhani ina. N'chimodzimodzi ndi ngongole za ophunzira za ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Dzina la mwana likatuluka pamndandanda, sikuti ndalama zalowa kale. Werengani bwino chikalatacho, muone chimene chatsala kuti mwana asayine, ndipo m'pangireni kangachepe ka m'masabata oyambirira m'malo momutumiza kusukulu chimanjamanja.

Tsono CV yanu, achemwali. Ine ndikanalemba chonchi: "Verified beneficiary names, distributed food items and kept signed distribution records." Ngati mukukumbukira bwino chiwerengero cha mabanja amene munkawatumikira patsiku ndi miyezi imene munagwira, onjezerani, koma chikhale choti abwana anu akale akaimbiridwa foni avomereze. Ngati panali anzanu awiri kapena atatu amene munkawagawira ntchito, pamenepo lembani "supervised" n'kutchula chiwerengero chawo. Musaope kuti zikuoneka zazing'ono. Pa ntchito yogawa thandizo, mabungwe amavutika kwambiri ndi mayina abodza ndi katundu wosowa, choncho munthu amene mndandanda wake unkagwirizana ndi matumba otuluka amafunidwa. "Managed" anabisa luso limenelo, pamene "verified" akuliika poyera.

Musanatumize kalata, tengani chilengezo cha ntchitoyo mudule mzere kunsi kwa aneni onse a pa gawo la "duties". Onaninso mawu akuti "reporting to", chifukwa amakuuzani amene adzakhale pamwamba panu, ndiye mudziwa ngati "officer" wa pamenepo ndi wolamula kapena wolamulidwa. Polemba, kumbukirani tizilumikizi take: "responsible for" amatsatana ndi mneni wothera ndi "-ing", timati "in charge of", komanso "allocate funds to". Ku intavyu tizolakwika totere timamveka msanga.

Bambo wina wa ku Kasungu anafunsanso ngati digiri ya Public Administration ya ku University of Malawi ku Zomba ndi yofanana ndi Business Administration ya ku MUBAS ku Blantyre. Bambo, n'zosiyana. Yoyambayo imatsamira pa kayendetsedwe ka boma, makhonsolo ndi mfundo za dziko. Yachiwiriyo ndi ya malonda, maakaunti, kutsatsa katundu ndi kayendetsedwe ka kampani. Mwana wanu aone mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse, asangotengeka ndi dzina. Ndipo mumuuziretu kuti omaliza madigiri onse awiriwa nthawi zambiri amayamba ngati "assistant" kapena "officer", pansi pa wina wowachita "supervise", zaka zingapo asanapatsidwe bajeti yawoyawo.