Kwa achemwali a ku Chipoka: ma histone ndi mluza wa mbewa

Achemwali, mwafunsa kuti popeza maselo onse ali ndi DNA yofanana, mluza umadziwa bwanji majini (tizigawo ta DNA tonyamula malangizo) oyamba kugwira ntchito, nanga ma histone akulowapo pati. Ana anga a Fomu 4 kuno ku Nkhotakota amakakamiranso pomwepa.

DNA ya selo limodzi la munthu mutaitambasula ingatalike pafupifupi mamita 2, ndiye siingangounjikidwa. Mwaonapo mwana wowedza kunyanjaku akukulunga chingwe cha mbedza pakamtengo kuti chisapiringizike? Kamtengo ka DNA ndi mapuloteni 8 otchedwa ma histone: H2A, H2B, H3 ndi H4, awiriawiri. Zilembo za DNA pafupifupi 147 zimazungulira pamenepo, n'kupanga kamfundo kotchedwa nucleosome, kamene Roger Kornberg anakafotokoza mu 1974. Timfundoti tikandandalikana ndiye chromatin. Pothina jini limakhala chete, pomasuka limawerengedwa.

Tsono ku mbewa. Umuna umayenda ndi ma histone ochepa kwambiri. Ambiri amachotsedwa uli mkati mopangidwa, m'malo mwake mumalowa ma protamine, amene amafinya DNA kuti ikwane m'kamutu kaja. Ukangolowa m'dzira, dziralo limavula ma protamine n'kuikapo ma histone ake, makamaka mtundu wa H3 wotchedwa H3.3, ndipo wogwira ntchitoyo ndi puloteni yotchedwa HIRA. Apa ine m'pomwe pamandigwira mtima: DNA ya bambo siingayambe ntchito isanakulungidwe ndi zimene mayi anasungiratu m'dzira. Dzira la mbewa likasowa HIRA, mluza umaimira pomwepo, pa selo limodzi.

Kukulunga koyambaku kumakhala kotayirira, ndiye selo limakhala lisanasankhe mbali. Majini a mluza wa mbewa amadzuka kwenikweni maselo ali 2, pomwe mwa munthu amadikira afike 4 mpaka 8. Pomatha masiku atatu ndi theka, maselo akunja alunjika kale kokapanga nsengwa, amkati kokapanga mbewa yeniyeniyo.

Musadumphe timichira ta ma histone, nsonga zake zotulukira kunja kwa nucleosome, pomwe pamamatidwa zizindikiro. Chimodzi ndi H3K27me3, chimene chimatseka jini. Mu 2017 gulu la Yi Zhang ku Harvard linasonyeza kuti chizindikirochi chimachoka m'dzira kupita kwa mluza, n'kutseka majini ena a mbali ya mayi, a bambo okha n'kumagwira ntchito. Chilembo cha DNA sichinasinthe ngakhale chimodzi. Mukamaphunzitsa, ajambulireni pa bolodi nucleosome imodzi ndi timichira take musanatchule mayinawa.