Gasi amanunkhadi, koma mphuno siikwana

Achimwene, mwati kufakitale kwanu kophika buledi muli masilinda akuluakulu a gasi, ndipo abwana akukana kugula detekita, chipangizo chochenjeza gasi akatuluka, ati gasi akamatuluka amanunkha, aliyense amamva. Mwafunsa ngati akunena zoona. Pang'ono akunena zoona, koma gawo lalikulu akulakwitsa.

Fungo limene mumamva lija si la gasiyo. Propane ndi butane amene ali m'silinda alibe fungo lomveka, ndiye ogulitsa amathiramo mankhwala onunkha otchedwa mercaptan. Mchitidwewu unafala itachitika ngozi ya mu 1937 ku New London, ku Texas, pomwe gasi wopanda fungo anadzaza kunsi kwa sukulu n'kupha anthu pafupifupi 300, ambiri mwa iwo ana. Tsono fungo limathandiza, sindikukana. Vuto n'lakuti mphuno imazolowera. Munthu amene wakhala pafupi ndi uvuni kuyambira m'mawa samvanso kanthu pofika masana. Ndipo usiku mukatseka n'kupita kunyumba, mumasiya mphuno ya ndani m'katimo?

Chinanso, mphuno siikuuzani kuchuluka kwake, pomwe nkhani yonse yagona pamenepo. Gasi saphulika pa mlingo uliwonse. Propane amagwira moto akakhala pakati pa 2.1 ndi 9.5 peresenti mumpweya, methane, gasi wopezeka m'migodi ya malasha, pakati pa 5 ndi 15. Mlingo wotsikitsitsawo ndi umene amautcha LEL, ndipo detekita imawerenga kuti mwayandikira bwanji pamenepo. Ikalemba 100, ndiye kuti gasi wafika pa LEL, ndipo kanthu kakang'ono kothetheka, kaya switchi ya magetsi kaya chitsulo chogwa pasimenti, kakwana kuyatsa chipinda chonse. N'chifukwa chake alamu amaitchera kuti ilire pa 10 kapena 20, nthawi ikadalipo yotseka gasi n'kutuluka.

Koma mukawagonjetsa abwanawo n'kugula, samalani ndi poyiika, chifukwa ambiri amataya ndalama apa. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sakwera, amatsetsereka pansi ngati madzi n'kukadikha m'ngalande, m'maenje ndi kunsi kwa mauvuni. Detekita yake iyenera kukhala pafupi ndi simenti, masentimita 30 kapena kucheperapo, kufupi ndi mavalavu ndi molumikizira mapaipi. Mukaipachika kudenga pafupi ndi yochenjeza za utsi, idzalira chipinda chitadzaza kale. Methane ndi hydrogen ndiye amakwera, choncho ngati muli ndi chipinda chotchajiramo mabatire aasidi, amene amatulutsa hydrogen, yake imapita kudenga. Musaiike pakhomo kapena pomwe fani ikuwomba, mphepo imanyamula gasiyo n'kumulambalalitsa.

Mtundu wakenso funsani musanalipire. Zambiri zotsika mtengo zili ndi kamkanda kotentha m'kati kamene kamawotcha gasi pang'ono n'kuyeza kutenthako. Zimagwira bwino, koma zimafuna okosijeni, ndipo silikoni amazipha. Apa inu a buledi mumve bwino: mankhwala ena opopera m'mathireyi kuti buledi asamatirire, komanso silikoni womatira mipata, akhoza kuphimba kamkandako. Detekita yotere siizima ayi. Nyale yobiriwira imayakabe, nambala n'kumalemba 0, gasi ali tho. Zoyeza gasi ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared sizifa ndi silikoni ndipo zimakhalitsa, kungoti n'zodula komanso hydrogen sizimuona.

Njira yodziwira kuti ikadali moyo ndi imodzi basi: kuipatsa gasi woyesera wochokera m'kasilinda kake kamene mlingo wake umadziwika, n'kuona ngati yalira. Kenako pakapita miyezi imene opanga ananena, katswiri abwere adzaichune. Zoiyesa ndi laita ya fodya zija musachite, gasi wake ndi wochuluka kwambiri moti akhoza kuononga sensa, kachipangizo ka m'kati kamene kamamva gasi.

Mukhalenso ndi ina yam'manja. Amene makolo awo anagwirako m'migodi ya malasha akudziwa kuti kumeneko salowa osayeza. Pa 6 June 1972 ku Wankie, komwe lero ndi Hwange ku Zimbabwe, mgodi unaphulika n'kupha anthu oposa 420, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo methane ndi fumbi la malasha ndi zimene zinakuza ngoziyo. Bekare si mgodi, komabe lamulo ndi lomwelo: wowotcherera asanayatse moto pafupi ndi paipi, kapena munthu asanatsikire m'dzenje, ayambe wayeza. Yam'manja yabwino imayezanso okosijeni, amene amayenera kukhala pa 20.9 peresenti, ndipo imalira akatsika kufika pa 19.5.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi khalidwe la anthufe alamu ikalira. Ikalira kawiri katatu popanda chooneka, wina amangoizula kuti ikusokosa, oda ya buledi ikudikira. Kaya ikulira monama, fufuzani chifukwa chake, osati kuitseka pakamwa. Ngati ndalama zilipo, ilumikizeni ku valavu yodzitsekera yokha kuti gasi aduke pomwepo popanda kudikira munthu. Aliyense, mpaka mlonda wausiku, adziwe zochita: kutseka gasi kumasilinda, kutsekula zitseko, osakhudza switchi iliyonse ngakhale yozimitsa, n'kukaimbira foni panja patali.

Pokalankhula ndi abwana, musapite ndi mtengo wa detekita wokha. Funsani wogulitsayo ngati ali ndi gasi woyesera, ngati amabwera kudzachuna, komanso ngati sensa ikatha, poti imatha pakapita zaka zochepa, yosinthira imapezeka konkuno. Akayamba kuzungulira poyankha, pitani kwa wina.