Yankho pa za zipolopolo zodzaza nokha zomwe zimamwazikana kutali

Mwafunsa chifukwa chake zipolopolo zimene mumadzaza nokha zimagwera pamodzi pa mamita 100 koma zimamwazikana pa mamita 500. Kawirikawiri vuto limakhala liwiro losafanana. Pafupi kusiyana kumeneku sikuoneka, koma chipolopolo chochedwerapo chimakhalitsa m'malere, motero chimakagwera m'munsi kuposa chinzake. Choncho pezani chronograph, kachipangizo koyezera liwiro la chipolopolo, ndipo muyeze liwiro la zipolopolo zosachepera 10, chifukwa zitatu zokha zimanamiza.

Pa nkhani ya onga, yambirani pa mulingo wotsika umene wopanga ongawo analemba m'buku lake, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo musapyole malire apamwamba ngakhale wina atakulimbikitsani bwanji. Primer (kachitsulo ka kunsi kwa chipolopolo koyatsa onga) ikaphwatalala kapena bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo m'mfuti) ikayamba kulimba potsegula, lekani pomwepo, pakuti mphamvu yachuluka m'mfutimo. Yezani onga wa chipolopolo chilichonse pa sikelo, gwiritsani ntchito zigoba (zothiramo onga) za kampani imodzi, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi. Kuya kwa chipolopolo m'chigoba ine ndimakusiyira kumapeto. Dziwaninso kuti mitundu ina ya onga imawonjezera liwiro kukatentha, kotero muyesere pa nyengo yofanana ndi imene mudzakasakire.