Akuti tikamutenge mlongo wathu kuchipatala, nanga tikamusunga bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lizulu, wogulitsa kabichi ndi kachewere m'mbali mwa msewu. Mlongo wawo wa zaka 27 anadwala malungo a muubongo ali mwana, ndipo kuyambira pamenepo nzeru sizinakule limodzi ndi thupi. Amayankhula pang'ono, kusamba mpaka womukumbutsa, komanso amagwa khunyu. Mayi awo atamwalira anayamba kulusa, tsiku lina n'kugenda ana amene ankamuseka, ndiye achibale anakamusiya kuchipatala cha matenda a maganizo. Watha miyezi isanu ndi iwiri kumeneko, tsopano akuti akamutenge. Funso lawo ndi lakuti: kodi achipatala sanangotopa naye? Nanga ine ndili pabanja, ndimusunga bwanji?

Achemwali, kamutengeni. Koma musapite mawa.

Sindikukhulupirira kuti atopa naye. Ulumali wa ubongo si misala, ngakhale kumudzi kuno timangophatikiza zonse m'mawu amodzi akuti "mutu sukuyenda". Palibe piritsi limene lingabweze zimene malungo aja anawononga. Chimene chipatala chimatha ndi kuletsa khunyu ndi kukhazika mtima wolusawo pansi. Zimenezo zikatheka, kugona muwodi sikumuonjezeranso kanthu, m'malo mwake kumamulanda. Munthu amene ankatha kutunga madzi ndi kusesa pabwalo, akakhala miyezi akungodikira mbale ya nsima pabedi, amaiwala ngakhale zochepa zomwezo.

Si ife tokha amene tikulimbana ndi nkhaniyi. Ku England, m'chaka cha 2011, atolankhani a BBC anajambula mobisa nkhanza zimene anthu a ulumali wotere ankachitiridwa pachipatala cha Winterbourne View, pafupi ndi Bristol. Chipatalacho chinatsekedwa, ogwira ntchito ena anapita kundende, boma n'kulonjeza kuti pofika June 2014 onse osayenera kukhala m'zipatala adzakhala atatulutsidwa. Tsikulo linafika n'kudutsa. Patatha zaka zoposa khumi, anthu pafupifupi 2,000 anali akadali m'mawodi, makamaka chifukwa nyumba ndi owasamalira kunjako zinali zisanakonzeke. Dziko la ndalama limenelo. Kutsegula geti n'kosavuta, ntchito ili kumene munthuyo akupita.

Kuno kwathu zolembedwa zilipo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2009, ndipo gawo 19 la panganolo limati munthu ali ndi ufulu wokhala pakati pa anzake, osati kumupatula. Mu 2024 kunabweranso lamulo latsopano la anthu a ulumali, limene linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu a ulumali, kukhala MACODA. Zabwino ndithu, koma lamulo silidzabwera kudzamusambitsa Lachinayi inu muli kumsika.

Apa ndiye pali mantha anga. Ndili mwana, pamudzi wina kufupi ndi kwathu panali mnyamata amene ankamumanga chingwe cha mbuzi kumwendo, mbali inayo kumtengo wa mango. Pansi panali patasalala mozungulira ngati popunthira mawere, chifukwa choyendapo tsiku ndi tsiku. Amayi ake sanali ankhanza ayi, analibe womusiyira akamapita kudimba. Ameneyonso anali "kunyumba". Ndiye ndikamati kamutengeni, sindikunena zoterozo.

Musananyamuke, itanani amalume anu monga mwinimbumba, pamodzi ndi abale onse, ngakhale a kutauni alowe pa foni. Pamaliro tonse timati tili limodzi, koma mikeka ikapindidwa katundu amatsalira mwana wamkazi. Musalole mawu akuti "tizithandizana". Funsani maina ndi masiku: tsiku la msika akhala ndi ndani? Wokatenga mankhwala mwezi uno ndani, ya minibasi atulutsa ndani? Akagona nyumba iti? Bambo a kunyumba kwanu akhalepo pa zokambiranazo, asadzaone ngati mwawabweretsera mlamu mozemba.

Kuchipatalako musangosaina n'kunyamula chikwama. Awalembere m'buku lake la kuchipatala dzina la mankhwala, mlingo wake ndi tsiku lobwerera, ndipo funsani ngati mungamakatengere pachipatala chaching'ono chapafupi kapena mpaka pa boma, ku Ntcheu kapena ku Dedza. Mankhwala a khunyu monga phenobarbital sasiyidwa mwadzidzidzi, munthu amatha kugwa motsatizana mpaka kuika moyo pachiswe. Muzipita kukatenga ena akadalipo a sabata yathunthu. Afunseninso anamwino kuti chimamuputa n'chiyani ndipo amamutonthoza bwanji, iwo amuona miyezi yonseyi. Kuzizira kwa ku Lizulu ndimakudziwa, adzafuna kuotha moto. Asaothe yekha, asapitenso yekha kuchitsime kapena kumtsinje. Akagwa, m'gonekeni cham'mbali, osamuika supuni m'kamwa, ndipo thovu lija silipatsirana.

Mukafika naye, mudziwitseni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, mupitenso ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu mukafunse ngati banja lanu lingalowe mu Mtukula Pakhomo. Kwa amfumu pitani naye limodzi. Nkhani ya ana omuseka aja ithere pabwalo, makolo awo akumva, chifukwa mwala uja sunayambe wokha. Musaiwalenso kuti munthuyu waferedwa. N'kutheka kuti palibe amene anakhala naye pansi kumuuza kumene mayi ake anapita. M'perekezeni kumanda akaone.

Kenako mupezereni chochita chake chenicheni. Msuweni wanga wina satha kuwerenga kufika pa khumi, koma mbuzi za agogo amazidziwa ndi maanga ake, ikasowa imodzi sadya nsima. Pamudzi samutchulanso ndi dzina lachipongwe lija, amati "wa mbuzi uja". Mlongo wanu mwina ndi kuthirira kabichi, mwina kusankha kachewere wamkulu ndi wamng'ono pambali panu. Mufunseni mwiniwake, ngakhale ayankhe ndi mutu wokha.

Masabata oyamba adzakhala ovuta, mwina adzalusanso. Zikafika poti akudzivulaza kapena kuvulaza ena, kubwerera naye kuchipatala kwa masiku ochepa si kulephera. Mundilemberenso amalume akayankha za masiku aja.